Masiku Amene Tinkaonera Sewero ndi Makutu

Anzanga amene tidagonera limodzi kuhositelo m'zaka za m'ma 1970 mukukumbukira kuti wailesi inkakhala ya munthu mmodzi koma makutu ankakhala a tonse. Mwini wake ankaibisa m'sutikesi pansi pa zovala, ndipo nthawi ya sewero ikakwana tinkaunjikana pabedi lake ngati anapiye, wina atagwirizira eriyo kuti mawu asathawe. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa ngati mphale. Likayamba Sewero la Sabata Ino kapena Kapalepale, ngakhale wa chifuwa ankayamba wameza chitsokomolo chake.

Chimene sitinkadziwa ndi chakuti ku America, kumene masewero a pa wailesi adakulira mpaka kukhala ntchito ya ndalama zambiri, zinthuzi zidali zitaikidwa kale m'manda. Tsiku la malirowo limadziwika: pa 30 Sepitembala 1962. Ndati m'kalata yathu ino tikumbutsaneko mbiri imeneyi, chifukwa mukaimvetsa mudzaona kuti ife tidachita mwayi umene ana athu sadaupeze.

Wailesi yotumikira anthu wamba idayamba kumveka ku America m'chaka cha 1920, pamene nyumba youlutsira mawu ya KDKA mumzinda wa Pittsburgh idalengeza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Mu 1926 kudabadwa kampani ya NBC ndipo mu 1927 ya CBS. Makampaniwa adalumikiza nyumba zing'onozing'ono zoulutsira mawu pogwiritsa ntchito mawaya a lamya, kotero kuti sewero lochitikira ku New York kapena ku Chicago linkamveka dziko lonse. Ndalama sizinkachokera ku boma ayi. Kampani ya sopo, ya fodya, ya khofi kapena ya malasha inkagula pulogalamu yonse, n'kumalipira olemba ndi osewera, bola dzina la katundu wake litchulidwe. Mu 1929 chuma cha dzikolo chidagwa ndipo anthu miyandamiyanda adachotsedwa ntchito. Wopanda ndalama yolowera kukanema ankakhala pakhomo, poti wailesi ukagula kamodzi sikulipiritsanso pakhomo.

Sewero loyamba kugwedeza dziko lonselo lidali lanthabwala lotchedwa Amos 'n' Andy, lomwe lidayamba ku Chicago mu 1928 n'kulowa pa NBC mu 1929. Linkatenga mphindi 15 zokha madzulo, koma eni nyumba zina za kanema ankaimitsa filimu pakati n'kutsegula wailesi, podziwa kuti akapanda kutero anthu sabwera. Nkhani yake idali ya anthu awiri akuda amene adachoka kumudzi kukafuna ntchito m'tauni. Koma pali kanthu kowawa apa: osewerawo, Freeman Gosden ndi Charles Correll, adali azungu oyerekeza kalankhulidwe ka anthu akuda. Anthu akuda ena ankaseka nawo, ena ankaona kuti akunyozedwa. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale sindikana kuti amunawo luso adali nalo. Wailesi imabisa nkhope, ndipo kubisako kumathandiza wabwino ndi woipa yemwe.

Kubisa komweko kudathandiza mtsikana wina dzina lake Virginia Payne. Mu 1933 adapatsidwa mbali ya mayi wamasiye wachikulire wogulitsa matabwa m'sewero la Ma Perkins, ndipo adakhala mayi ameneyo zaka 27 mpaka sewerolo lidatha mu Novembala 1960. Linkaulutsidwa masana, nthawi imene amayi ali pakhomo kuchapa ndi kusita, ndipo olipira adali a Procter & Gamble ofuna kugulitsa sopo wawo wa Oxydol. Apa ndi pamene padachokera dzina lakuti soap opera. Mukamaona adzukulu anu atamatirira pa kanema kutsata nkhani yosatha ya chikondi ndi nsanje, dziwani kuti agogo ake a nkhaniyo adali otsatsa sopo.

Kwa zaka zambiri masewerowa ankachitika pompopompo, osajambula kaye. Wosewera akaphonya mawu, dziko lonse lamva. Ndiponso poti kuchokera ku New York kukafika ku California nthawi imasiyana ndi maola atatu, masewero ambiri a madzulo ankawachita kawiri usiku umodzi. Pambali pa osewera pankaima amisiri a phokoso ndi tebulo lodzaza zinyalala zooneka ngati zopanda ntchito. Zikamba za kokonati pamchenga ndiwo adali mahatchi. Kapepala konyezimira kokutira paketi ya fodya akakafinya pafupi ndi maikolofoni, nyumba yapsa. Lata akaligwedeza, kwagunda bingu. Sewero loopsa la Inner Sanctum, lomwe lidayamba mu 1941, linkatsegulidwa ndi kulira kwa chitseko chadzimbiri, ndipo ana ankayamba kunjenjemera munthu asadalankhule n'komwe.

Masewero a zinsinsi ndi aupandu ndiwo adaonetsa bwino mphamvu ya khutu. The Shadow adali munthu wolimbana ndi zigawenga amene ankatha kuphimba maganizo a anthu kuti asamuone. Tangoganizani, munthu wosaoneka m'sewero losaoneka! Pa kanema pakadafunika matsenga a kamera, koma pa wailesi kudangofunika kusintha mawu ndi kuseka koopsa basi. Mu 1937 mbali imeneyi adaitenga mnyamata wa zaka 22, Orson Welles, amene tikumana naye posachedwa.

Koma ngati mungandifunse sewero limodzi loti mumvere, ndingakuuzeni Sorry, Wrong Number, lolembedwa ndi mayi Lucille Fletcher, lomwe lidaulutsidwa koyamba mu Meyi 1943 pa pulogalamu ya Suspense. Mayi wodwala, wosatha kudzuka pabedi, ali yekha m'nyumba usiku. Akuimbira lamya mwamuna wake kuntchito, koma mawaya asokonekera ndipo akumva amuna awiri akupangana zopha mayi wina usiku womwewo, nthawi imene sitima idzakhale ikudutsa pamlatho kuti kukuwa kwake kusamveke. Akuimbira olumikiza lamya, akuimbira apolisi, onse akumuyankha mwaulemu koma palibe womuthandiza. Pang'onopang'ono womvera ayamba kuzindikira, mayiyo asadazindikire, kuti nyumba yoyandikana ndi mlathowo ndi yake yomwe. Pafupifupi theka la ola lonse mumangomva mawu a Agnes Moorehead ndi kulira kwa lamya. Chipindacho, mdimawo, masitepewo, amamanga ndinu womvera, ndipo aliyense amamanga chipinda chimene iye mwini amachiopa.

Anthabwala nawo adapeza njira zawo. Jack Benny adadzipangira mbiri ya munthu woumira kwambiri. Mu 1948, m'sewero lina, wachifwamba adamuimitsa n'kumuuza kuti asankhe pakati pa ndalama zake ndi moyo wake. Benny adangoti zii. Anthu adayamba kuseka chete ameneyo. Wachifwambayo atabwereza mokalipa, Benny adayankha kuti akuganizira kaye. Nthabwalayo idapsa chifukwa anthu adali atamudziwa munthuyo zaka zambiri, monga momwe ife tinkayambira kuseka Kapalepale atangoti kukhosi kheee. Chodabwitsa china ndi Edgar Bergen, katswiri wolankhulitsa chidole chotchedwa Charlie McCarthy. Luso la munthu wotere ndi lakuti milomo yake isaoneke ikugwedezeka, nanga pa wailesi ndani akadaona? Komabe pulogalamu yake idali m'gulu la zomvedwa kwambiri m'dzikomo.

Tsopano tifike pa usiku umene umatchulidwa m'mabuku onse, Lamulungu pa 30 Okutobala 1938. Orson Welles ndi gulu lake la Mercury Theatre adatenga buku la H. G. Wells la mu 1898, The War of the Worlds, lokamba za zilombo zochokera ku Mars zodzalanda dziko lapansi. Wolemba sewerolo, Howard Koch, adasamutsa nkhaniyo kuchoka ku England kupita kukamudzi kenikeni ka Grover's Mill ku New Jersey, ndipo adaikonza ngati nkhani zapawailesi. Kumveka nyimbo zovina, kenaka muulutsi adula nyimbo kuti kwaoneka kuphulika pa Mars. Nyimbo zipitirira. Adulanso: chinthu chagwa pamunda wina. Mtolankhani ali pamalopo akufotokoza chivundikiro chikutseguka, anthu akukuwa, kenaka mawu ake aduka, zii. Kumbukirani kuti mwezi wapitawo, pa mkangano wa Hitler ndi dziko la Czechoslovakia, anthu adazolowera kumva mapulogalamu akudulidwa ndi nkhani za nkhondo. Ena amene adatsegula wailesi mochedwa adakhulupiriradi, ndipo angapo adaganiza kuti abwerawo ndi asilikali a ku Germany.

M'mawa mwake nyuzipepala zidalemba kuti dziko lonse lidachita chipwirikiti, anthu kuthawa m'nyumba ndi kudzaza misewu. Umu ndi momwe ambirife tidaimvera nkhaniyi, ndipo ine ndidaifotokozapo chomwecho kwa ana asukulu. Ofufuza a masiku ano akuti tidakokomeza. Kampani ya Hooper, yomwe inkawerenga omvera, idaimbira lamya makomo 5,000 usiku womwewo ndipo awiri okha pa 100 alionse ndiwo adati akumvera sewerolo. Ambiri adali pa NBC kuseka chidole cha Bergen chija. Sewerolo lidalengezedwanso poyamba, pakati ndi pomaliza kuti ndi nthano chabe. Ochita mantha adalipo ndithu, ndipo malamya a polisi adalira kwambiri, koma nyuzipepala zidali ndi kampeni kumphasa, poti wailesi inkazilanda otsatsa malonda. Welles, wa zaka 23, adapepesa pamaso pa atolankhani ndi nkhope yachisoni, koma kampani ya supu ya Campbell idayamba kulipira pulogalamu yake, ndipo mu 1941 adatulutsa filimu yotchuka ya Citizen Kane. Kumene zidavutadi ndi ku Quito m'dziko la Ecuador, mu Febuluwale 1949. Kumeneko wailesi ina idachita sewero lomweli m'Chisipanishi, ndipo anthu atazindikira kuti apusitsidwa adakatentha nyumba youlutsira mawuyo, anthu angapo n'kufera momwemo.

Chidapha zonsezi ndi wailesi yakanema. Mu 1950 khomo limodzi lokha pa khumi ku America ndilo lidali nayo, koma pofika 1960 adali pafupifupi makomo asanu ndi anayi pa khumi. Otsatsa malonda adasamuka, osewera n'kuwatsata. Ena sadaloledwe kuwoloka. William Conrad adasewera bwino kwambiri ngati wapolisi wolimba mtima Matt Dillon m'sewero la Gunsmoke kuyambira 1952, koma litapita pa kanema mu 1955 mbaliyo adaipereka kwa James Arness, wamtali ndi wooneka bwino, poti Conrad adali wonenepa. Amos 'n' Andy litalowa pa kanema mu 1951 adachita kufuna osewera akuda enieni, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP lidalitsutsa kolimba. Lidangokhala zaka ziwiri. Pomaliza, madzulo a pa 30 Sepitembala 1962, CBS idaulutsa komaliza Yours Truly, Johnny Dollar ndi Suspense, ndipo olemba mbiri amati nyengo ija idathera pamenepo.

Kwathu kuno nthawi imeneyo n'kuti kukungocha kumene. Wailesi yotsika mtengo ya Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya ndipo yogulidwa mapaundi asanu, idafika m'chigawo chino mu 1949, makolo athu n'kumamvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. MBC idakhazikitsidwa mu 1964, patangopita zaka ziwiri chitsekereni Suspense, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino idadzatsegulidwa mu 1999. Pakati pamenepa pali zaka 35 zimene Amalawi adaonera masewero ndi makutu: Sewero la Sabata Ino, Pamajiga, Theatre of the Air ya okonda Chingerezi, Kapalepale wa malemu Smart Likhaya Mbewe, mpaka Zimachitika yomwe idayamba mu 1997. Sindikunena kuti athuwa adatengera ku America. Mtundu wozolowera nthano za pamoto madzulo sudafunike kuphunzitsidwa kumvera. Ndikungoti luso limene anzathuwo adalitaya msanga, ife tidakula nalo mpaka kumera imvi, ndipo aliyense wa ife ali ndi nkhope yakeyake ya Kapalepale imene sigwirizana ndi ya mnzake.

Masewero a ku America aja sadatayike onse. Ambiri adajambulidwa pa zimbale zikuluzikulu, zina zotumizidwa kwa asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anthu okonda zakale adazitola n'kuzisunga. Lero masauzande a masewerowa ali pa intaneti, ndipo mwana aliyense wa foni angathe kukupezerani Sorry, Wrong Number kapena usiku wa Welles uja. Muzimitse nyali pomvera.

Za athuwa, zambiri zili m'mitu mwathu, ndipo mituyo ikuchepa chaka ndi chaka, monga mukuonera mndandanda wa otisiya patsamba lomaliza la kalata ino. Amene muli ndi kaseti yakale m'katoni, kapena mukukumbukira bwino sewero limene lidakugonetsani mochedwa kuhositelo, lemberani mkonzi. Mutchule chaka, kalasi imene mudali, ndi mtundu wa wailesi imene tinkaunjikanapo, kaya idali Nzeru kapena ina. Dzina la mwini wailesiyo musatchule, poti ena mwa iwo mpaka lero akadatiwerengera ngongole ya mabatire.