Kunsi kwa chombo, kumene maso safika

Pa 20 February 1962, John Glenn akuzungulira dziko m'chombo cha Friendship 7, makina a pamalo owongolera ulendo anasonyeza kuti chishango chomuteteza ku moto chakhwefuka. Chombo chikamabwerera padziko chimagundana ndi mpweya pa liwiro loopsa, ndipo kutentha kumapitirira madigiri 1,500. Popanda chishango, munthu amapsa. Glenn analibe njira yoonera kumsana kwa chombo chake, choncho owongolera ulendo anamuuza kuti asataye maroketi amene anamangiriridwa pamwamba pa chishangocho, poganiza kuti malamba ake achigwira. Anatera bwinobwino. Chimene chinanama chinali kaswitchi chabe.

Vuto lenileni linatsala: amene ali m'chombo saona mbali imene moyo wake wadalira.

Zombo za Space Shuttle zinali zokutidwa ndi matailosi opepuka oposa 20,000, osachedwa kunyenyeka. Mu December 1988, chidutswa chochokera pa roketi chinakanda chimodzi mwa zombozi, Atlantis, chikunyamuka. Anthu a m'chombomo, motsogozedwa ndi Robert Gibson, analoza kamera ya pa mkono wa chombo kunsi n'kuona mabala oyera ambirimbiri. Koma ulendowo unali wachinsinsi, wa asilikali, ndiye zithunzi zinatumizidwa mobisa ndipo zinafika kwa owongolera ulendo ku Houston zosaoneka bwino. Akatswiri kumeneko anati ndi kuwala ndi mithunzi basi. Chombo chitatera, anapeza matailosi pafupifupi 700 atawonongeka, limodzi litachokeratu. Mwamwayi, pamalo pamenepo panali chitsulo chogwira mlongoti wa wailesi, ndipo n'chimene chinatchinga moto.

Kupulumuka kwamtunduwu kumazoloweretsa anthu zoipa. Chombo china, Columbia, chitanyamuka pa 16 January 2003, chidutswa cha thovu louma lokutira thanki yamafuta, chosakwana kilogalamu imodzi, chinamenya phiko lakumanzere patangopita masekondi 82. Mainjiniya ena, mmodzi mwa iwo Rodney Rocha, anafuna kuti asilikali ajambule phikolo ndi zida zawo zoonera m'mlengalenga. Akuluakulu a NASA anaimitsa pempholo. Thovu linali litagwapo kambirimbiri popanda ngozi. Pa 1 February, mpweya wotentha unalowa m'phikomo n'kusungunula mafupa ake. Ku Houston anayamba kuona masensa a kumanzere akuzima limodzi ndi limodzi, kenako a mpweya wa m'matayala. Chombocho chinasweka pamwamba pa Texas, ndipo anthu onse 7 anafa. Mu July chaka chomwecho, ofufuza anawombera thovu lofanana nalo pa phiko loyeserera ku San Antonio. Linaboola dzenje la masentimita pafupifupi 40.

Kuchokera pamenepo, kuyang'ana kunasanduka lamulo. Discovery itauluka mu July 2005, inanyamula mtengo wa mamita 15 wopangidwa ku Canada, wokhala ndi makamera ndi leza, wofufuzira mphuno ndi m'mphepete mwa mapiko. Itayandikira International Space Station, woyendetsa wake, Eileen Collins, anaigudubuza chagada pang'onopang'ono pa mtunda wa mamita 180, kuti anzawo a pasiteshoniyo ajambule mimba yake. Zithunzizo zinaonetsa tinsalu tiwiri titatuluka pakati pa matailosi. Stephen Robinson anatsitsidwira kunsiko pa mkono wa siteshoni, atatenga kasowo ngati tingavute, koma anangotisolola ndi zala.

Zombo zatsopano zabwerera ku kapangidwe ka m'nthawi ya Glenn, ndipo khungu lija labweranso. Chishango cha Orion, chimodzi mwa zombozi, chimakhala chophimbidwa ndi gawo la injini mpaka chombo chitatsala pang'ono kulowa mumpweya, kotero palibe kamera imene ingachione m'njira. Orion itabwera kuchokera ku Mwezi mu December 2022, yopanda anthu, anapeza chishangocho chitagumuka m'malo oposa 100. NASA inafufuza kwa zaka ziwiri isanalengeze chifukwa chake: mpweya unatsekeredwa m'kati mwa Avcoat, chinthu chimene amamatira chishangocho, n'kuching'amba. M'malo mosintha chishango cha ulendo wotsatira wonyamula anthu, bungweli linasankha kusintha njira yolowera mumpweya.