Mmene michere imasinthira masamba a mangrove akamaola

Mitengo ya mangrove imamera m'matope a madzi amchere, monga kumatsiriro a mtsinje wa Zambezi ku Mozambique. Masamba ake oyoyoka ndiwo gwero la chakudya cha nkhanu, nkhono ndi tinsomba timene asodzi amadalira tikakula.

Tsamba lisanagwe, mtengo umayamwamo gawo la nayitirojeni ndi fosiforasi. Likagwa, madzi amatsukamo msanga potaziyamu, shuga ndi tanini, mankhwala owawa amene amalepheretsa zamoyo zambiri kulidya. Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake gawo la nayitirojeni limakwera pomwe kaboni akuchepa, chifukwa mabakiteriya ndi nkhungu zakhazikikapo. Apa m'pamene tsambalo limasanduka chakudya chopatsa thanzi.

Masamba a Avicennia marina amaola msanga kuposa a Rhizophora mucronata, omwe ali ndi tanini wochuluka.