Khomo lolowela upolisi: kucokela ku Fort Jameson kufika pa Grade 12

Boma likangolengeza kuti lifuna kulemba apolisi atsopano, mafoni ku wailesi kwathu saleka kulila. Acinyamata a ku Madzimoyo, ku Kapata ndi ku Mchini amafunsa cinthu cimodzi: kodi amene wakwanitsa zaka 26 angamutenge? Yankho limawawa. Pa udindo wa constable, zilengezo za zaka zaposacedwa zimafuna nzika ya Zambia yokhala ndi reji yobiliwila, ya zaka 18 mpaka 25, yokhoza bwino Grade 12 kuphatikizapo Cizungu, yathanzi, komanso yosapezekapo ndi mlandu ku khoti.

Khomo limeneli silinali conco kale. Tauni yathu ikali kuchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo kampani ya BSAC inali ndi gulu lake la asilikali acikuda osungitsa bata. Mu 1911 gululi linaphatikizidwa ndi Barotse Native Police n'kupanga Northern Rhodesia Police. Masiku amenewo mzungu anali kuyang'ana msinkhu, mphamvu ndi kumvela. Sukulu sinali nkhani yaikulu, cifukwa wapolisi wacikuda anali wongolandila malamulo. Maudindo apamwamba anali a azungu okha, ndipo ngakhale munthu akhale wanzelu bwanji, khungu linali kumuikila malile.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Sukulu ya apolisi ya Lilayi, pafupi ndi Lusaka, inatsegulidwa mu 1955. Ufulu utabwela pa 24 October 1964, dziko linafunika apolisi odziwa kulemba sitetimenti, kuwelenga lamulo ndi kuimilila pamaso pa woweluza. Mu 1965 a Michael Mataka, amene anayamba nchito ngati constable wamba, anakhala mwana wa dziko lino woyamba kutsogolela apolisi onse. M'zaka za m'ma 1990 dzina linasintha kucoka ku Force kukhala Service, kutanthauza kuti wapolisi ndi wotumikila anthu.

Conco ambuye athu anatsekeledwa ndi khungu, cinthu cimene sakanatha kusintha. Ife cimatitsekela ndi satifiketi ndi zaka. Satifiketi mungaikonze mwa kulembanso GCE, koma zaka sizibwelela m'mbuyo. Amene wamaliza Grade 12 ali ndi zaka 20, n'kukhala zaka zitatu akuti adzalembanso masamu caka camawa, watsala ndi mpata wocepa kwambili, pakuti boma sililemba apolisi caka ciliconse.

Apa m'pamene ena amagwa. Wina amasintha caka cobadwa pa reji, wina amapeleka ndalama za mbewu za makolo ake kwa munthu wolonjeza malo ku Lilayi kapena ku Kamfinsa. Zonsezi ndi milandu, ndipo mlandu umodzi wotsimikizika ku khoti umatseka khomo lomwelo mpaka kalekale.

Ngati mufuna yunifomu, tengani reji yanu lelo muwelenge zaka zimene zatsala. Kenako yang'anani satifiketi, muone phunzilo lofunika kulembanso, ndipo mukalembetse GCE caka cino.