Sukulu za m'Cidikha ca America ndi Namondwe wa 1888

Pakati pa dziko la United States pali cidikha cacikuru copanda mapiri, cimene kale cinali ca udzu wokhawokha kufikira kumene maso alekeza. Kumeneko kuli Nebraska ndi Dakota. Eni ace akale anali a mitundu ya Sioux ndi Pawnee ndi ena, amene boma linawacotsa ndi nkhondo ndi mapangano osasungika. M'caka ca 1862 boma lomwelo linaika lamulo lakuti munthu wofuna kulima alandire maekala 160, akhalepo zaka 5, ndipo dzikolo likhale lace. Anthu anakhamukirako ocokera ku Norway, ku Germany, ku Bohemia ndi ku Russia. Popeza yense anamanga pa munda wace, sipanakhala midzi monga tiidziwa ife ai. Nyumba zinakhala patalipatali, ndipo mitengo posowa, ambiri anamanga ndi zigulumwa za dothi zodulidwa pamodzi ndi udzu wace.

Cimene cinasonkhanitsa anthu obalalika cotere ndico sukulu. Mabanja owerengeka amapangana nakhala cigawo cimodzi ca sukulu. Amakomana kamodzi pa caka, nasankha akuru atatu oyang'anira, nadziikira okha msonkho wolipira mphunzitsi ndi wogulira malasha. Boma linapatulanso dziko lina m'dera liri lonse kuti phindu lace lithandize sukulu, koma nchito yeniyeni inali ya eni ana. Nyumba yace inali ya cipinda cimodzi, mbaula yacitsulo pakati, ndi ana a misinkhu yonse pa mabenci. Mphunzitsi kawirikawiri anali namwali wosakwana zaka 20, wogonera m'nyumba ya mmodzi wa makolo. Iye ndiye amalawirira kukakoleza moto ndi kusesa.

Nyengo ya cisanu ya kumeneko iyamba ca m'November nifika m'March, ndipo si cisanu ca mame a m'mawa cimene cithawa dzuwa litakwera. Mitsinje imauma nikhala gwa ngati mwala, ndipo m'malo mwa mvula kumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa, cimene cikuta dziko miyezi yathunthu. Khasu silingalowe pansi. Cifukwa cace anyamata akuruakuru, amene m'miyezi yolima sakanamasuka ku munda, amadza ku sukulu nyengo yomweyi, ndipo mabenci amadzala koposa nthawi zonse. Usiku nyumba yomweyo imasanduka bwalo la anthu onse. Amadza pa ngolo zotsetsereka pa cipale, zokokedwa ndi akavalo, atafunda zikopa, kudzamva mpikisano wa kuchula zilembo za mau obvuta, momwe mwana wa zaka 12 amatha kugonjetsa atate wace anthu naseka. Masiku ena kumakhala mtsutso, kapena kuphunzira nyimbo, kapena masewera a Khrisimasi. Ndipo kumene kunalibe nyumba ya mapemphero, amapempheramo tsiku la Sabata. Malasha akatha amasonkha zitsononkho za cimanga, ndowe zouma, kapena udzu wopotapota. Tinganene kuti m'miyezi imeneyo moyo wonse wa cigawo umazinga mbaula imodziyo.

Tsono tifike pa tsiku la Cinai, pa 12 January 1888. Masiku apambuyo pace kunazizira kotero kuti ana ambiri anatsekeredwa m'nyumba. Koma m'mawa umenewo kunaca kofunda ndi kwabata. Alimi anaturutsa ng'ombe, ena namka kutali kukatuta udzu, ndipo ana anathamangira ku sukulu, ambiri osabvala malaya ao ocindikala. Usana, mphepo yocokera ku Canada inatsika m'cidikhamo mwadzidzidzi. Opulumuka anasimba kuti anamva mkokomo, nayesa kuti ndi sitima, ndipo nthawi yomweyo kunada. Cipale cace cinali cosalala ngati fumbi. Cinalowa m'maso ndi m'mphuno, cinamata zikope, kotero kuti munthu sanathe kuona dzanja lace lomwe. Ku Dakota namondweyo anapeza ana ali m'kati mwa maphunziro, ku Nebraska anafika dzuwa litapendeka, pafupi ndi nthawi yoweruka.

Kodi panalibe wowacenjeza? Masiku amenewo nchito yopenda nyengo inali m'manja mwa asilikali a Signal Corps. Ofesi yao ya ku St. Paul inatumizadi mau pa lamya kuti kukudza kuzizira, ndipo mau otere amafika m'matauni a m'mbali mwa njanji, kumene amakweza mbendera. Koma lamya siinafike ku sukulu za m'minda, ndipo mbendera siioneka pa mtunda wa mamailosi khumi. Cotero mlandu wonse unagwera aphunzitsi, yense payekha, wopanda womfunsa: awasunge ana m'nyumba yogwedezeka, malasha alikutha, kapena awaturutse?

Amene dzina lace linamveka koposa ndiye Minnie Freeman, wa zaka 19, wophunzitsa ku Mira Valley pafupi ndi tauni ya Ord. Mphepo inathyola citseko ca sukulu yace nisasula mbali ina ya denga, ndipo kukhala kunakanika. Anatsogolera ana 13 kufikira nyumba ina pa mtunda wosakwana mailo imodzi, osataya ndi mmodzi yense. Manyuzipepala analemba kuti anawamanga onse ndi cingwe cimodzi, cinkana mmodzi wa ana omwewo atakula anakana za cingweco. Anampekera nyimbo, ndipo amuna ambiri osamdziwa anamlembera makalata omfunsira ukwati.

Lois Royce, wa kufupi ndi Plainview, anacita monga momwemo, koma kwa iye kunatha mwina. Moto utazima anaturuka ndi ana atatu kumka ku nyumba imene amagonako, imene inali pafupi ndithu. Anaiphonya. Usiku wonse anagona pa cipale atafungatira anawo, ndipo anafa mmodzimmodzi iye alikuwamva. Iye yekha anakwawa nafika kwa anthu m'mawa, koma mapazi ace anayenera kudulidwa. Ku Dakota, pafupi ndi tauni ya Freeman, anyamata asanu a mabanja ocokera ku Russia analekana ndi mphunzitsi wao panjira. Atatu a iwo anali a mimba imodzi. Anawapeza atapita masiku, ataumira pamodzi. Etta Shattuck, mphunzitsi wa m'dera la Holt, anagwidwa ndi mphepo ali yekha, nadzikumbira m'mulu wa udzu, nakhalamo masiku atatu kufikira mwini udzuwo anampeza wamoyo. Koma anamwalira m'mwezi wa February.

Tikalinga nkhani zonsezi pamodzi, tiona cinthu cimene manyuzipepala a masiku aja sanacisamala kwambiri. Ocuruka a ana amene anafa anafera panjira, pakati pa sukulu ndi kwao, ena pafupi penipeni ndi khomo. Kumene mphunzitsi anatseka citseko nakaniza ana kuturuka, angakhale analira njala ndi amao, pafupifupi onse anaona m'mawa. Aphunzitsi otere anawaza madesiki ndi mabenci nasonkhezera mbaula, anayendetsa ana mozungulira moto ndi kuwaimbitsa kuti angagone. M'matauni ena atate anamanga zingwe kucokera ku sukulu, kapena anadza ndi ngolo natenga ana onse pamodzi, ndipo kwina belu linalira usiku wonse kuti osokera alitsate. Aphunzitsi amene anangokhala m'nyumba sanawapekere nyimbo, pakuti kukhala sikukoma kusimba monga kuyenda. Koma sitifuna kuweruza Lois Royce. Iye ndi Minnie Freeman anasankha cimodzimodzi, onse awiri nyumba itawakanika, ndipo cimene cinawasiyanitsa ndi mapazi owerengeka kulamanja kapena kulamanzere mumdima.

Ciwerengero ca akufa cimene cichulidwa kawirikawiri ndi 235, koma ena ayesa kuti anaposa pamenepo, popeza mitembo ina inaoneka cipale citasungunuka. Si onse anali ana. Ambiri anali alimi otsata ng'ombe zao. Komabe anthu analicha tsikulo Namondwe wa Ana a Sukulu. Nyuzipepala ya Omaha Bee inasonkhetsa ndalama zothandiza aphunzitsi opunduka, ndipo m'caka ca 1891 nchito yopenda nyengo inacotsedwa kwa asilikali nipatsidwa ku nthambi ya boma yoona za ulimi.

Sukulu za cipinda cimodzi sizinathe ndi namondweyo ai. Zinacurukabe, kotero kuti ca m'ma 1920 Nebraska yokha inali ndi zigawo za sukulu zoposa 7,000. Zinayamba kucepa pamene miseu ndi mabasi zinatheketsa kutengera ana ku sukulu zazikuru za m'tauni, ndipo mitsutso ndi mipikisano ya usiku inasamukira komweko. Ana aja a 1888 atakalamba anayamba kukomana ku Lincoln m'caka ca 1940, pa 12 January caka ndi caka, yense kusimba kumene mphepo inampeza. Nkhani zao anazisonkhanitsa m'buku lochedwa In All Its Fury, limene linasindikizidwa m'caka ca 1947.