Maukonde Okolola Nkhungu

Maukonde okolola nkhungu ndi nsalu za maso ang'onoang'ono, zolukidwa ndi ulusi wa pulasitiki, zimene zimatambasulidwa pakati pa nsanamira ziwiri pamwamba pa phiri, moyang'anana ndi mphepo, kuti nkhungu podutsapo isiye timadontho pa ulusiwo. Timadonthoto tikaphatikizana timalemera, nititsikira m'ngalande yolunjika kuthanki.

Nzeru imeneyi njakalekale. M'buku la Oweruza timawerenga za Gideoni, amene anayala ubweya wa nkhosa padwale nafinyamo mame odzaza mbale m'mawa mwake, ngakhale icho chinali chizindikiro cha Mulungu osati luso la munthu. Pachilumba cha El Hierro anthu ankamwa madzi odontha kuchokera mu mtengo wotchedwa Garoé, kufikira mkuntho unaugwetsa m'chaka cha 1610. Ku Chile, kumene mvula imaiwala chipululu cha Atacama kwa zaka zambiri koma nkhungu ya kunyanja siphonya, Carlos Espinosa anayamba kuyesa maukonde ku Antofagasta m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1992 madzi okololedwa paphiri la El Tofo anafika m'mipopi ya mudzi wa asodzi wa Chungungo; koma patapita zaka ngati khumi maukondewo anali atang'ambika, wowasoka panalibe, popeza mitima ya eni mudzi inali itatembenukira kupaipi yochokera kumtsinje. Ku Morocco bungwe la Dar Si Hmad likumwetsa midzi ndi maukonde a paphiri la Boutmezguida.

Pofuna ulusi wogwira madzi ambiri, akatswiri anakaphunzira kwa tizilombo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2001 Andrew Parker ndi Chris Lawrence anafotokoza kachikumbu ka m'chipululu cha Namib, kamene msana wake uli ndi timatuza tokoka madzi pakati pa malo aphula owakana. Mu 2010 Lei Jiang ndi anzake a ku Beijing anaonetsa kuti ulusi wa kangaude ukanyowa umaumba timfundo, ndipo madontho amayenda okha kukasonkhana pamfundopo. Ulusi wotsanzira zimenezi ulipo, koma wambiri sunatuluke m'nyumba zoyeseramo.

Munthu wa ku Ludzi, m'boma la Mchinji, sangadabwe nazo nkhanizi. Amene analawirirapo kudimba m'mwezi wa June kapena July, nkhungu itagona m'dambo, anaona maukonde a akangaude atayalika pa tsekera, ulusi uliwonse utalemedwa ndi madzi ngati mikanda ya namwali, udzu wonse pambali pake ukunyowetsa miyendo. Ndipo za ulusi makolo athu sanali alendo: ankafundula luzi la mombo ndi kuliviika kuti lifewe, ankapala khonje, napota chingwe pantchafu ndi chikhatho, bwazi ndiye ankalemekezedwa koposa, chifukwa chingwe chake cholimba chinkaluka maukonde osakira nyama ndi ophera nsomba. Manja odziwa mfundo za ukonde alipobe m'midzi, ngakhale lero aluka nayiloni.

Komatu nkhungu ya ku Ludzi imabadwira m'dambo usiku wopanda mphepo, nibalalika dzuwa likangokwera, pamene ukonde umafuna nkhungu yothamangitsidwa ndi mphepo kwa maola ambiri. Chifukwa chake kumeneko chitsime ndi mjigo ndizo zidzapitirira kumwetsa anthu. Nkhungu yoyenera ndi ya chiperoni, mphepo yozizira yotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique, imene imakuta Mulanje ndi Thyolo m'miyezi yachisanu, ndi kudonthetsa madzi ku masamba a mkungudza ndi ndere zolendewera pa nthambi zake.

Mwina maukondewa angathandize midzi ina ya m'mapiri amenewo m'chilimwe, ngati woyamba ntchitoyo atayeza kaye nkhungu ya pamalopo kwa chaka chathunthu.