Doctor Who: Sewero Limene Okonda Ake Anakana Kuti Life

Doctor Who ndi sewero la pa wailesi ya kanema ya BBC ku Britain, limene linayamba kuonetsedwa pa 23 November 1963. Limasimba za mlendo wocokera ku dziko lina la m'mlengalenga, wochedwa Doctor, amene amayenda m'nthawi zakale ndi zam'tsogolo m'combo cochedwa TARDIS.

William Hartnell, woyamba kusewera ngati Doctor, atadwala mu 1966, olemba anakonza zakuti Doctor azisandulika thupi. Motero osewera amasintha koma nkhani imapitirira. Mu 2023 udindowu unapita kwa Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda.

BBC inaimitsa seweroli mu 1989, koma okonda ake sanaleke kusonkhana ndi kulemba za ilo kufikira linabwerera mu 2005.

Cikondi cao cinapulumutsanso mbiri yake. Kale BBC inali kufafaniza matepi kuti ijambulirepo zina, ndipo zigawo zoposa 90 zikali zosowa. Mau a zigawozi alipo lero cifukwa oonerera anali kuwajambula m'nyumba zao. Ena anafunafuna mafilimu m'maiko amene anagula seweroli m'zaka za m'ma 1960, kuphatikizapo Zambia. Mu 2013 kunalengezedwa kuti zigawo 9 zimene zinasowa zapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria.

Caka comweco, cigawo cokumbukira zaka 50 za seweroli cinaonetsedwa nthawi imodzi m'maiko 94.