Mayina a Chigaeliki pa Chilumba cha Iona

Iona ndi kachilumba ka kumadzulo kwa Scotland, m'gulu la zilumba za Inner Hebrides. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 5, ndipo kalembera wa 2011 anapezako anthu 177. Wopitako amawoloka pa sitima kuchokera ku Fionnphort, pa chilumba cha Mull. Eni chinenero cha Chigaeliki amakatcha Ì, kapena Ì Chaluim Chille pokumbukira Columba, mmonke wa ku Ireland amene anafikako mu 563 ndi anzake 12. Dzina loti Iona linabadwa mwangozi: okopera mabuku akale anawerenga molakwa mawu oti Ioua, chilembo u n'kusanduka n.

Mayina ambiri a pachilumbapa amangonena chimene maso akuona. Dùn ndi phiri kapena linga, ndipo Dùn Ì ndiye phiri lalitali koposa pachilumbapa, ngakhale limangofika mamita 101. Baile Mòr, "mudzi waukulu", ndi mudzi wokhawo ulipo. Chochititsa chidwi ndi machair wa kumadzulo: dambo lathyathyathya limene mphepo ya m'nyanja ya Atlantic imathirapo mchenga wa zigoba za nkhono. Mchengawo uli ndi laimu wambiri, motero udzu ndi maluwa zimakondwa, nkhosa ndi ng'ombe n'kumadya pomwepo anthu akusewera gofu.

Mayina ena amasunga mbiri ya Columba. Kummwera kuli Port na Curaich, doko la curach, bwato la mitengo yokutidwa ndi zikopa. Amati ndi pomwe anakocheza. Gombe lake ndi la timiyala tosalala, tina tobiriwira, timene alendo amatola. Chapafupi pali Càrn Cùl ri Èirinn, mulu wa miyala wa "kufulatira Ireland". Nkhani yake imati Columba anakwera pamenepo kuti atsimikize kuti kwawo sikukuonekanso, ndipo atatero anakhazikika. Pali kachitunda kena ka mayina awiri: Sìthean Mòr, chitunda cha mizimu ya m'nthano, ndi Cnoc nan Aingeal, chitunda cha angelo, chifukwa Adomnán, amene analemba mbiri ya Columba, anasimba kuti angelo anamuzungulira pamenepo akupemphera. Chikhristu sichinafafanize dzina lachikunjalo.

Magazi nawo ali m'mayinamo. Mu 806 achifwamba a ku Scandinavia, a Viking, anapha amonke 68, ndipo anthu amagwirizanitsa chiwembucho ndi Port nam Mairtear, doko la ofera chikhulupiriro. Kuchokera padokopo, maliro obwera pa bwato ankadutsa mu Sràid nam Marbh, msewu wa akufa, umene mbali yake yoyalidwa miyala ikuonekabe pafupi ndi nyumba ya amonke. Msewuwo umathera ku manda a Rèilig Odhrain, kumene mwambo umati kunagona mafumu akale a Scotland. John Smith, amene anali mtsogoleri wa chipani cha Labour, anaikidwa m'manda omwewo mu 1994.